Ma CV a anthu amene simunawalembe ntchito: musunge mpaka liti, mutaye bwanji kuno ku Joni

Abale anga a ku Joni amene zinthu zakuyenderani mpaka mwafika polemba anzanu ntchito, kaya ndi shopu ya utelala ku Fordsburg, kaya ka kampani ka magadeni ndi kupenta ku Randburg, kaya lesitilanti kapena potsukira magalimoto ku Rosettenville, nkhani iyi ndi yanu. Mukangolengeza pa WhatsApp kuti mukufuna munthu mmodzi anthu amabwera gulu, mmodziyo mumamutenga, enawo amapita koma mapepala awo amatsala ndi inu, ma CV, mafotokope a pasipoti, mapemiti, manambala a foni, ena mpaka kalata ya ku banki osawapempha n'komwe. Ndiye zimenezi muzipanga nazo chani? Ena amati ndimangosunga mwina tsiku lina ndidzawafuna, ena amati ndimadilita tsiku lomwelo kuti foni isadzaze. Zonse ziwirizi zitha kukupwetekani.

Lamulo lake kuno ndi Protection of Personal Information Act, nambala 4 ya 2013, lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu monga dzina, nambala ndi mapepala ake, aliyense amangoti POPIA. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2020, anapereka chaka chimodzi choti anthu akonze zinthu zawo, ndiye kuyambira pa 1 Julayi 2021 palibenso chowiringula. Oliyang'anira ndi a Information Regulator, ofesi yawo ili konkuno ku Johannesburg, ndipo amene anayamba nayo ngati wapampando ndi mayi Pansy Tlakula, omwe aja anali ku bungwe la zisankho la dziko lino. Lamuloli silifunsa kuti bizinesi yanu ndi yaikulu bwanji, olo muli inu ndi antchito awiri basi likukukhudzani, komanso silisankha kuti munthu amene mwasunga mapepala akeyo ndi nzika kapena mlendo, Mmalawi wa ku Mangochi amene wakusiyirani CV ali ndi ufulu womwewo umene ali nawo munthu wa ku Soweto. Chimene lamulo linachisiya kunja ndi zinthu za pakhomo panu panokha, monga manambala a abale ndi anzanu mufoni. Koma mukangoyamba kutolera ma CV chifukwa cha bizinesi, kapena mwakhala ejenti wopezera anthu ntchito za m'nyumba kwa mabwana, mwalowamo basi. Ndipo inu ma ejenti, poti tafika pamenepa, Employment Services Act ya 2014 imaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito chifukwa chomupezera ntchitoyo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chiyambi cha zonse ndi kusatolera zinthu zambiri poyamba pomwe, chifukwa chimene mulibe simuvutika nacho posunga kapena potaya. Gawo 10 la POPIA limati mutenge zokhazo zokwanira pa chimene mukufuna, osapyola. Polengeza ntchito pemphani CV ndi nambala ya foni basi. Pasipoti ndi pemiti munthu abwere nazo pa intavyu, muzione ndi maso, muone ngati pemitiyo ikumulola kugwira ntchito komanso ngati sinathe, kenako mubwezereni mwini wake, fotokope mupange ya munthu yekhayo amene mwamulemba. Ndikudziwa ena muti nanga a Home Affairs, oona za anthu olowa m'dziko, akabwera? Zoona, Immigration Act ya 2002 pa gawo 38 imafuna kuti bwana atsimikize mapepala a mlendo amene akumulemba ndipo asunge zolemba zake mpaka zaka 2 munthuyo atasiya ntchito, koma akunena wantchito wanu, osati aja munawabweza pa geti. Nambala ya akaunti ya ku banki ndiye ayi ndithu, munthu simumulipira mukufuna akaunti yake ya chani.

ID ya kuno nayonso musamaione mopepuka. Manambala 13 aja amanena zambiri, 6 oyamba ndi tsiku lobadwa, otsatirawo amasonyeza ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo muli nambala ina yosonyeza ngati ndi nzika kapena wokhala mokhazikika. Fotokope yodindidwa sitampa kupolisi ikagwa m'manja olakwika munthu atha kutsegulirapo akaunti ya zovala, kulembetsera simu kadi kapena kutengerapo ngongole, mwini wake adzangodzidzimuka akumuimbira foni anthu otolera ngongole imene sanaidye.

Palinso zina zimene gawo 26 la POPIA linaziika padera kuti n'zofunika kusamala kwambiri, za chipembedzo, mtundu wa munthu, za umoyo wake, za ndale, ngati ali mu yuniyoni, zidindo za zala ndi za milandu. Musamafunse zimenezi mwachisawawa, ndipo zoti munthu akayezetse HIV kaye musanamulembe ndiye musayerekeze, Employment Equity Act, lamulo loletsa tsankho pa ntchito, imaletsa pokhapokha Labour Court, khoti la za ntchito, italola. Ngati ntchitoyo ikufunikadi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, monga wosunga ndalama kapena wolera ana, ifunseni kumapeto kwa munthu amene mwatsala pang'ono kumutenga.

Chachiwiri, auzeni anthu pasadakhale kuti mapepala awo mupanga nawo chani. Gawo 18 la POPIA limafuna zimenezo, ndipo sizofuna loya ayi, mizere iwiri itatu pansi pa chilengezo chanu yakwana, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe ngati mukulandiranso a ku Zimbabwe ndi eni dziko. Mwachitsanzo mutha kulemba chonchi:

"CV yanu tiigwiritsa ntchito posankha munthu wa ntchito iyi yokha. Mukapanda kutengedwa tiisunga miyezi 12 kenako tiifufuta, sitipatsa munthu wina musanavomere. Mukafuna kudziwa zimene tasunga kapena kuti tizikonze, lembani pa nambala yomweyi."

Muikepo dzina la bizinesi yanu ndi pamene mumapezeka, munthu adziwe amene wasunga zinthu zake.

Tsopano pa funso lenileni loti mpaka liti. POPIA siinatchule nambala ya miyezi ya ma CV, musanamizidwe ndi munthu woti lamulo linati miyezi yakuti. Chimene gawo 14 likunena n'choti musasunge kupyola nthawi imene chinthucho chikufunikira pa cholinga chimene munachitengera, pokhapokha ngati lamulo lina likukuuzani kusunga, kapena muli ndi chifukwa chomveka chokhudza ntchito ya bizinesi yanu, kapena pali kontirakiti, kapena mwini wake wavomera. Ndiye wina angati ntchito yadzaza, cholinga chatha, dilitani lero lomwe. Dikirani kaye achimwene. Gawo lomwelo likunenanso kuti ngati mwagwiritsa ntchito zolembazo popanga chiganizo chokhudza munthu, ndipo kumukana ntchito ndi chiganizo chimenecho, muzisunge kwa nthawi yokwanira yoti mwini wake akafuna athe kupempha kuziona. Ndipo pali chifukwa china chachikulu chimene ambiri sitichidziwa.

Employment Equity Act ya 1998, pa nkhani ya tsankho, imamutenga munthu wofunsira ntchito ngati wantchito ndithu, ndi gawo 9 limenelo. Kutanthauza kuti mayi amene munamukana atha kupita ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya mabwana ndi antchito, kukanena kuti anandikana chifukwa ndine woyembekezera, kapena chifukwa ndimavala hijabu, kapena chifukwa cha msinkhu, chilankhulo, mtundu, kulumala, ndipo gawo 10 limamupatsa miyezi 6 kuchokera tsiku limene zinachitika. Akachedwa pa zifukwa zomveka athanso kupempha kuti amulole kudandaula mochedwa. Ndiye pamene zimawawa ndi apa, akatchula chimodzi mwa zifukwa zolembedwa m'lamulozo, ndi inu bwana amene muyenera kusonyeza kuti tsankholo silinachitike kapena kuti chimene munachita chinali chachilungamo. Mukasonyeza ndi chani ngati zonse munadilita sabata yomweyo? Mudzangoti ndikukumbuka kuti winayo anali wodziwa ntchito kwambiri, komishinala wa CCMA adzakufunsani umboni, inu mulibe. Mbali iyi ya lamulo imakhudza bwana aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

N'chifukwa chake ine ndimalangiza miyezi 12, kuwerenga kuyambira tsiku limene munamuuza munthuyo kuti simumutenga. Awa ndi maganizo anga osati nambala ya m'lamulo, miyezi 6 ija kuphatikiza mpata wa odandaula mochedwa ndi makalata amene amachedwa kukupezani. Wina akasankha miyezi 9 sindingakangane naye, bola ailembe ndi kuitsata. Koma zaka 3, zaka 5, zimenezo ndi zosokoneza, zaka 3 ndi za zolemba za antchito anu enieni pansi pa Basic Conditions of Employment Act, zaka 5 ndi za mapepala a msonkho a SARS, CV ya munthu amene sanagwirepo ngakhale tsiku limodzi kwa inu sikulowa mmenemo. Ngati nkhani yafika kale ku CCMA kapena kukhoti ndiye musataye kalikonse mpaka ithe, olo miyezi 12 itadutsa.

Pa miyezi imeneyi si zonse zofunika kusunga. Sungani chilengezo cha ntchito mmene munachilembera, CV, zimene munalemba pa intavyu, chifukwa chimene munasankhira winayo, ndi meseji imene munamutumizira yomuuza zotsatira, tsiku lake lizioneka. Zina zonse, fotokope ya pasipoti, ya pepala la asylum la othawa kwawo, chithunzi, kalata ya ku banki, za kuchipatala, mubwezereni kapena muwononge sabata yomweyo ntchito ikangodzaza, sizikuthandizani ku CCMA ndipo ndi zomwezo zimene akuba amafuna.

Zolemba za pa intavyu ndiimepo pang'ono chifukwa ife timalemba mmene timayankhulira. Munthu wangotuluka, inu pakona pa CV yake mwalemba kuti "wakalamba uyu", kapena "ali ndi mwana wakhanda avuta", kapena mwangolemba mtundu wake, kuti Mlhomwe, Mtumbuka, Mzimbabwe. Dziwani kuti pepala limenelo mwini wake ali ndi ufulu wopempha kuliona, ndipo likafika pa tebulo la komishinala mwadzimanga nokha. Lembani za ntchito, kuti sanagwirepo makina a overlock, kuti alibe laisensi ya code 10 pamene ntchito ndi yoyendetsa lole, kuti winayo wakhala m'khichini ya lesitilanti zaka zambiri kuposa uyu. Ndipo zikhale zoona, osati kupeka chifukwa chabwino chobisira choipa. Ngati chifukwa chenicheni mukuchita nacho manyazi kuchilemba ndiye kuti vuto si pepala, vuto ndi chifukwacho.

Posunga pake, gawo 19 la POPIA limati muteteze kuti zisatayike kapena kuonedwa ndi osayenera. Za mapepala, envulopu imodzi pa ntchito imodzi, pamwamba mulembe ntchitoyo ndi tsiku lodzataya, mwachitsanzo "wothandiza kukhichini, kutaya pa 30 Juni 2026", muike mu dirowa yokiya osati pa kauntala pamene kasitomala aliyense akutsamira. Za mufoni, zichotseni mu macheza a WhatsApp muziike mu foda imodzi, foniyo ikhale ndi pasiwedi, ndipo isakhale foni ija ana amaseweretsa madzulo kapena ya pa shopu imene wantchito aliyense amaigwira. Ikani alamu pa kalendala ya tsiku lotayalo apo ayi mudzaiwala. Mapepala amenewa ali ngati chikwama chimene munthu wakusungitsani pa Park Station kuti akagule madzi, chili m'manja mwanu koma si chanu, simungachitsegulire anthu ena kapena kupita nacho kwanu.

Nanga ngati munthuyo munamukonda, kungoti malo anali amodzi, ndipo mukufunadi kudzamuitana Disembala ntchito ikachuluka? Palibe choletsa, mufunseni basi. Chilolezo pansi pa POPIA chimayenera kukhala chakufuna kwake, chonena chinthu chenicheni, ndipo adziwe chimene akuvomera, kukhala chete si kuvomera ayi, ndipo pakabuka mkangano ndi inu amene muyenera kusonyeza kuti anavomera. Ndiye mufunseni polemba:

"Pepani ulendo uno sitinakutengeni. Tikufuna tisunge CV yanu chaka china chimodzi kuti malo akapezeka tikuimbireni. Mukavomera yankhani kuti EYA, mukasintha maganizo nthawi ina iliyonse tiuzeni tidzafufuta."

Yankho lakelo lisungeni pamodzi ndi CV. Akapanda kuyankha mutenge kuti wakana. Ndipo kunena zoona CV ya zaka ziwiri kuno ku Joni ilibenso ntchito, nambala anasintha, pemiti inatha, mwini wake mwina anasamukira ku Cape Town kapena anabwerera kumudzi akulima fodya, mukungosunga chiopsezo chabe.

Chinthu china chimene timachita ndi mtima wabwino koma n'cholakwika, kutumiza CV ya munthu kwa mnzanu kapena kuiponya pa gulupu kuti "amene akufuna wa m'nyumba nayu", pamodzi ndi chithunzi, nambala ndi pamene amakhala. Munthuyo anakupatsani inu, pa ntchito yanuyo, sanapatse anthu mazana a pa gulupu amene ena ndi akathyali ofuna kumunamiza kuti tumizani R300 ya yunifomu. Mufunseni kaye, kapena njira yabwino kwambiri, mupatseni iyeyo nambala ya mnzanuyo aimbe yekha. Chimodzimodzi kutumiza ma CV kumudzi kuti mlamu wanu ku Lilongwe akusankhireni kapena akulembereni pa kompyuta, kutulutsa zinthu za anthu kunja kwa South Africa kuli ndi malamulo ake pa gawo 72 la POPIA, ndipo njira yosavuta kwa ife ang'onoang'ono ndi kupempha chilolezo kapena kungosiya osatumiza. Kumudziko nakonso kuli lamulo lake tsopano, Data Protection Act ya 2024, oyang'anira ndi a MACRA.

Tsiku lotaya likafika, tayani zenizeni. Lamulo limati muwononge mwa njira yoti munthu sangathenso kulumikiza n'kuwerenga. Kuponya envulopu yonse mu bini ya Pikitup, otola zinyalala mumzinda muno, si kuwononga, mukudziwa nokha kuti m'mamawa wa tsiku la zinyalala lole isanafike anthu a matirole amakhala atatsegula kale bini iliyonse kufuna mapepala ndi mabotolo, iwo alibe cholinga choipa koma pepala likachoka pamenepo simudziwa kumene lithere. Ndipo atelala, chonde, kuseli kwa CV si polemba miyezo ya kasitomala, pepala limathera pa tebulo lodulira nsalu, mbali ino chiuno 34 mbali inayo nambala ya pasipoti ya munthu ndi adiresi yake. Ngati muli ndi makina oduladula mapepala gwiritsani amenewo, ngati mulibe ng'ambani tizidutswa muviike mu ndowa ya madzi usiku wonse, m'mawa mufinye zikhale phala ndiye mutaye. Kuotcha mu fulati ya ku Hillbrow musayese, mudzaitana mavuto ena.

Mufoni ndiye muli ntchito yambiri kuposa pa pepala, chifukwa chithunzi chimodzi cha pasipoti chimakhala malo angapo inu osadziwa. Mukadilita meseji pa WhatsApp onetsetsani kuti chachokanso mu galare, kenako muone mu Downloads ndi mu foda ya madokyumenti a WhatsApp, kenako ku Google Photos ngati foni yanu imakweza zithunzi yokha, ndipo kumeneko zodilita zimakakhala kaye mu bini masiku ambiri mukapanda kuikhuthula. Pa Gmail zimakhala mu Trash masiku 30, pa iPhone mu Recently Deleted masiku 30, khuthulani nokha osadikira. Muonenso mu Sent ngati munatumizira mkazi wanu kapena mnzanu wa bizinesi kuti aone nawo, naye adilite kwake. Ngati munakapulinta ku intaneti kafe, fayilo ija inatsala pa kompyuta yawo, muzidilita musanadzuke pa mpando. Ndiye pali iyi imene imatichitikira ife a ku Joni kwambiri, mwagula foni yatsopano, yakale mwapatsira wa thiransipoti kuti akapatse mphwanu kumudzi, mkati muli mapasipoti a anthu onse amene anafunsirapo ntchito kwa inu. Chotsani memori kadi, tulukani mu akaunti ya Google ndi WhatsApp, muipange factory reset ndiye ikwere basi. Laputopu chimodzimodzi musanagulitse.

Mukamaliza lembani mu kabuku kuti tsiku lakuti ndawononga ma CV a ntchito yakuti, angati, mwa njira yakuti, osalemba maina. Mzere umodzi basi.

Foni kapena chikwama chikabedwa, ndipo m'tauni muno sizachilendo, gawo 22 la POPIA limafuna kuti mudziwitse a Information Regulator komanso anthu amene zinthu zawo zinali mmenemo mwachangu mmene mungathere, kuti nawo achenjere ndi mafoni achilendo ndi ngongole zosadziwika. Apa ndi pamene mumaona ubwino wosunga zochepa, kuuza anthu asanu n'kosavuta, kufunafuna anthu a zaka zinayi zapitazo ndi chintchito. Udindo umenewu ndi wa mwini bizinesi, lamulo limakutengani inuyo ngati Information Officer, kutanthauza woonetsetsa kuti bizinesi ikutsata POPIA, ndipo mumayenera kulembetsa kwa a Regulator pa intaneti. Za zilango, chindapusa chimatha kufika R10 miliyoni ndipo milandu ina ikuluikulu ili ndi ndende mpaka zaka 10. Mu Julayi 2023 unduna wa zachilungamo wa dziko lino womwe unalipitsidwa R5 miliyoni chifukwa chosatsatira zimene a Regulator anaulamula pa chitetezo cha makompyuta ake atalowedwa ndi akuba a pa intaneti mu 2021. Sindikunena kuti abwera ndi R10 miliyoni pa shopu yanu ya makina atatu, nthawi zambiri amayamba ndi kufufuza ndi kukulamulani kukonza, koma munthu mmodzi wokwiya akakadandaula mudzataya masiku oyenera kugwira ntchito mukuyankha makalata, ndipo wovulazidwayo athanso kukusumirani kukhoti kufuna chipukuta misozi.

Munthu akakulemberani kufunsa ngati muli ndi zinthu zake, muyankheni eya kapena ayi mwaulere, gawo 23 limatero, ndipo akafuna kuziona ali ndi ufulu, kungoti mutsimikize kaye kuti ndi iyeyo, osangotumiza CV pa nambala yachilendo yoti ndine mchimwene wake, ndipo pomuonetsa mubise za anthu ena amene anafunsira naye limodzi. Akati fufutani zonse pamene miyezi ija sinathe, musakangane naye komanso musanamize kuti mwadilita pamene simunatero. Chotsani nthawi yomweyo zimene zilibe chifukwa chokhalira, kenako mumuyankhe polemba kuti mafotokope ndi zithunzi tafufuta lero, CV ndi zolemba za intavyu tizisunga zokiyidwa mpaka tsiku lakuti chifukwa cha lamulo la za ntchito, sitizigwiritsa ntchito pa china chilichonse, ndipo ngati simukukhutira mutha kukadandaula kwa a Information Regulator, fomu yake ili pa webusaiti yawo.